Chaka Chimene Ndinaphunziranso Kulankhula

Chizindikiro choyamba chinabwera m'mawa wina m'mwezi wa Januwale, ndikusenda chinangwa pakhonde. Mpeni unangopulumuka m'dzanja langa lamanja n'kugwera pansi. Ndinawerama kuti ndiutole, koma zala zinakana kupindika. Mkono wonse unachita dzanzi kuyambira paphewa, wolemera ngati si wanga. Ndinakhala phee ndikuuyang'ana. Madzi amene ndinatereka pambaula asanawire n'komwe, dzanzi lija linatha, zala zinayambanso kugwira, ndipo ndinatola mpeni n'kupitiriza kusenda.

Ndine nesi wopuma pantchito. Zaka zanga zambiri ndinazithera pa kiliniki ya esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, kubaya majakisoni, kusoka mabala a anthu odzitema podulira tiyi ndi kubereketsa amayi a m'malayini, momwe mumakhala antchito a pa esiteti. Nditapuma ndinamanga nyumba pa malo amene anandisiyira amayi anga, kumalire kwa esiteti yomweyo, kufupi ndi msewu wopita ku Luchenza. Amuna anga anatsogola kale. Mwana wanga wamkazi, Elube, ndi mphunzitsi ku Thekerani. Pakhomo tinali awiri, ine ndi mdzukulu wanga Mwayi, amene nthawi imeneyo anali mu sitandade wani. Mwayi ndi mwana wa malemu mwana wanga wamwamuna. Bambo ake ndi mayi ake anamwalira motsogozana iye akukwawa, ndipo akuchikazi, omwe kwawo ndi ku Khonjeni, anandilola kuti ndimulere. Kwathu kuno mwana amakhala wa kuchikazi, choncho ndinkadziwa kuti anachita kundikomera mtima.

Matenda a kuthamanga kwa magazi ndinali nawo kwa zaka ndithu, ndipo mankhwala ndinkamwa osadumphitsa. Tsiku la dzanzilo ndinadziyeza ndi kamakina kanga ka BP n'kupeza kuti yakwera. Ndinaganiza kuti mwina ndinagonera mkonowo, kapena ndatopa ndi kupalira. Tsiku langa la ku kiliniki ya BP linali kumapeto kwa mwezi wotsatira, ndiye ndinati ndidzakawafotokozera pamenepo. Elube yekha ndi amene ndinamuuza pa foni, mongodutsa.

Lachinayi lililonse masana ndimatsogolera gulu la amayi lophunzira Baibulo pa katchalitchi kathu ka m'malayini. Ambiri mwa amayiwa ndi otchola tiyi. Amabwera atachoka ku sikelo yoyezera tiyi, zala zitada ndi utomoni wa masamba, ena atanyamula mapulasitiki amene amavala m'munda. Gululi ndinaliyambitsa ndikadali pantchito, ndipo tinazolowera kuti tikamaliza ndime ya tsikulo, ndimawonjezerako mawu pang'ono a zaumoyo: za malungo, za katemera wa ana, za zizindikiro zimene munthu sayenera kugona nazo kunyumba.

Lachinayi lina mu Febuluwale, mvula ikuwaza pamalata, ndinali pakati pofotokoza ndime pamene ndinaona amayi akuyang'anana. M'mutu mwanga mawu anali olongosoka bwinobwino, koma zimene zinkatuluka pakamwa zinali zosamveka, ngati munthu woledzera. Ndinayesa kubwereza, zinakanika. Baibulo linatsetsereka pamiyendo panga. Ndinafuna kuimirira koma mwendo wamanja unakana, ndipo ndinapendekekera pabenchi.

Amene anandigwira ndi amake Joji, mnzanga wa zaka zambiri, wotchola tiyi, amene ana ake onse anabadwira m'manja mwanga.

"Anesi, pakamwa panu papotoka," anatero. Kenako anatembenukira kwa anzake. "Izi ndi zija ankatiuza eni akewa. Osawamwetsa madzi. Wina athamangire kwa akapitawo aimbe ku kiliniki."

Amayi ena anali atagwada kale kuti ayambe kupemphera. Amake Joji anawauza kuti apemphere ndithu, koma mmodzi agwire miyendo. Anandigoneka chammbali, n'kundifunditsa chitenje. Ambulansi ya esiteti inabwera, koma inatitimira m'matope pa kamlatho ka kumunsi kwa tchalitchi, moti anachita kuikoka ndi thirakita imene inkatuta masamba. Zonsezi ndinkaziona ndi kuzimva. Ndinkadziwanso dzina la chimene chikundichitikira, chifukwa ndinatumizapo anthu ambiri ku chipatala ali m'mene ndinaliri inemo. Ndinali nditachita sitiroko.

Ku chipatala cha boma pano paboma anandilandira dzuwa lisanalowe. Anandiyeza BP ndi shuga, anandiunika m'maso, n'kundiuza kuti ndifinye zala za dokotala. Dzanja lamanzere linafinya, lamanja linangoti lobodo. Elube anafika madzulo omwewo pa njinga yamoto kuchokera ku Thekerani, zovala zonse zili matope. M'mawa mwake anatitumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre kuti akandiunike m'mutu ndi makina.

Kumeneko tinadikira masiku angapo, chifukwa ofuna makinawo anali ambiri ndipo ankayamba ndi ovulala pangozi. Moyo wa m'wodi ndinkaudziwa, koma ndinkaudziwa ndili chilili. Tsopano ndinauona ndili chigonere. Kukangocha, okolopa ankalowa ndi zidebe zawo, magadiyani onse n'kuuzidwa kuti atuluke. Kenako anesi ankadutsa ndi makina a BP, pambuyo pake madokotala ndi ophunzira awo ankaima kumiyendo kwa bedi n'kumakambirana za ine m'Chingerezi. Ndinkamva liwu lililonse, koma panalibe chimene ndikanayankha. Poti kumeza kunkavuta, anandilowetsa paipi m'mphuno, ndipo phala lamadzimadzi linkadzera mmenemo. Elube ankanditembenuza pafupipafupi kuti ndisachite zilonda zapamsana. Ntchito imeneyi ndi ine ndinkaphunzitsa magadiyani, ndipo pano ndinaona kuti munthu wotembenuzidwa amachita mantha kuti agwa.

Nesi wina wachitsikana atamva kwa Elube kuti ndinali nesi, anasiya kunditchula kuti agogo n'kuyamba kunditchula kuti Sisita. Asanandichite chilichonse ankayamba wandiuza. "Sisita, tikusinthani paipi tsopano, zipweteka pang'ono." Zimenezi zinkandilimbitsa mtima kuposa m'mene iye ankaganizira.

Zotsatira zitatuluka, dokotala anatiitanira pambali n'kufotokoza kuti mtsempha wina wamagazi unatsekeka mbali ya kumanzere kwa ubongo, kumene kumachokera mawu ndi mphamvu ya mbali yamanja ya thupi. Anafunsa ngati ndinamvapo china chachilendo m'masabata a m'mbuyomo. Elube anakumbukira za dzanzi la mu Januwale.

"Limene lija linali chenjezo," anatero dokotala. "Akanabwera tsiku lomwelo tikanawonjezera mankhwala, mwina izi tikanazipewa. Koma mwachita bwino kuwathamangitsira kuno osawamwetsa kanthu. Ena amatipeza chibayo chitalowa kale chifukwa cha madzi otsamwa."

Elube anafunsa ngati ndidzalankhulenso. Dokotala anati sangalonjeze. Anati ena mawu amabwerera, ena amabwerera pang'ono chabe, ndipo miyezi yoyambirira ndi imene imaonetsa kumene zinthu zikulowera.

Masiku amenewo liwu limodzi lokha ndi limene linkatuluka pakamwa panga: "Eya." Akandifunsa ngati ndikumva kupweteka, eya. Akandifunsa dzina langa, eya. Ngakhale ndikafuna kukana, chimene chinkatuluka ndi eya yemweyo. Nditayamba kumeza bwino ndipo paipi ya m'mphuno itachotsedwa, tsiku lina ndinamva ludzu kwambiri, ndipo ndinadzimva ndikunena kuti, "Mahi." Elube anadabwa, sanamve. Iye Chilomwe sachidziwa kwenikweni, chifukwa ife tinawalera ana athu m'Chichewa. Gogo wina wa ku Phalombe amene ankadwazika mwana wake pa bedi loyandikana nafe anaseka n'kunena kuti, "Akufuna madzi amayi anuwo." Chilomwe ndinasiya kuchilankhula tsiku ndi tsiku amayi anga atamwalira, koma mawu oyamba kubwerera anali a m'chinenero chawocho. Kuyambira pamenepo gogo uja anakhala wotanthauzira wathu mpaka tsiku limene mwana wake anatulutsidwa.

Lamulungu lina amayi a gulu lathu anasonkherana n'kubwera pa minibasi kudzandiona. Anabweretsa nthochi, nanazi ndi kalongonda wophikaphika, ngakhale kuti zakudya zolimba sindikanatha kudya. Nthawi yoona odwala itatsala pang'ono kutha, anayamba kuimba motsitsa nyimbo imene timatsekera nayo Lachinayi. Ali pakati, ndinazindikira kuti nanenso ndikuimba. Mawu onse a nyimboyo ankatuluka, opotoka koma athunthu. Nyimbo itatha ndinayesa kuwathokoza, koma kunatuluka eya. Bambo wa mafizo amene ankabwera kudzandiwongola mkono ndi mwendo atamva nkhaniyi sanadabwe. Anati zimachitika, ndipo anamuuza Elube kuti mawu amene akufuna kuti ndiphunzire aziyamba wawaika m'kanyimbo.

Ananditulutsa mu Malichi. Ndinkatha kukhala tsonga ndi kuimirira wina atandigwira, koma kuyenda ayi. Anandipatsa mankhwala owonjezera a BP, ena oletsa magazi kuundana ndi ena ochepetsa mafuta m'magazi, n'kutiuza kuti tizipita ku mafizo ku chipatala chapaboma.

Nthawi yonse imene ndinali ku Blantyre, Mwayi ankakhala kwa amake Joji. Galimoto yondibweretsa itaima pakhomo anathamanga akukuwa kuti, "Anganga! Anganga!" Atafika pafupi anaima. Anayang'ana pakamwa panga, anayang'ana mkono umene unkangolendewera. Ndinayesa kutchula dzina lake, koma kunatuluka phokoso limene ngakhale ine linandiopsa. Mwana anabwerera chafutambuyo n'kukabisala kuseri kwa amake Joji. Masiku otsatira ankandisuzumira pazenera, koma m'chipinda sankalowa. Pa zonse zimene ndinakumana nazo m'matendawa, chimenechi ndi chimene chinandiliza.

Sabata isanathe kunabwera a Samusoni, amalume ake a Mwayi, pamodzi ndi mlongo wawo. Anabwera mwaulemu, atanyamula nkhuku ndi ufa. Atapepesa za matenda, a Samusoni anakhala pampando pafupi ndi bedi langa n'kuvula chipewa.

"Mayi, sitinabwere ndi zoipa ayi," anatero. "Mwanayu mwatilerera bwino, palibe amene angatsutse. Koma panopa inuyo ndi amene mukufunika wokusamalani. Takambirana kumudzi kuti Mwayi tikamusunge ife, azikaphunzira ku Khonjeni. Kaya mukuona bwanji?"

Ndinali ndi zambiri zoti ndinene. Ndinkafuna kuwauza kuti adikire miyezi ingapo, kuti mwanayo amadwala chifuwa kukazizira, kuti sagona popanda kumupempherera. Ndinasonkhanitsa mphamvu zonse, ndipo chimene chinatuluka ndi "Eya."

A Samusoni anaomba m'manja pang'onopang'ono n'kuthokoza. Elube anawafotokozera kuti eya ameneyo ndimamunena pa chilichonse, ndipo iwo anachita manyazi, anapepesa. Komabe Elube yemweyo anagwirizana nawo. Tchuthi chimene anamupatsa kusukulu chinali chitatha, ndipo sakanatha kusiyira anthu a m'malayini wodwala ndi mwana yemwe. Ndikaganiza lero ndimaona kuti onse ankanena zoona. Tsiku limenelo sindinaone choncho. Ndinamva akulongedza zovala za mwana m'chipinda china, ndinamva njinga ziwiri za kabaza zikuchoka, ndipo ndinatembenukira kukhoma.

Masabata otsatira anali ovuta. Ndinkakana kudya, ndinkakana kupita ku mafizo. Kupemphera kunandikanika, poti ngakhale mumtima mawu ankabalalika. Ndinali wokwiya, ndipo Mulungu ndinamukwiyira ndithu. Kwa zaka zonsezi ndinamutumikira ndi pakamwa ndi manja, ndipo zimene zinachotsedwa ndi zomwezo.

Amayi a gulu lathu anagawana masiku. Wina ankabwera m'mawa asanapite kumunda kudzandiphikira phala, wina masana kudzachapa, ndipo amake Joji anasamukira kwathu. Elube ankabwera Lachisanu lililonse n'kubwerera Lamulungu. Chimene chinkandivuta kwambiri ndi kusambitsidwa. Tsiku lina amake Joji atabweretsa beseni, ndinagwira chitenje changa ndi dzanja lamanzere n'kukana kuchimasula. Anaika beseni pansi n'kugwira m'chiuno.

"Anesi, pobadwa Joji munanditsuka ndani? Si inu? Ine ndinachita manyazi? Tamasulani apa madzi akuzizira."

Ndinaseka koyamba chidwalireni, kuseka kwa mbali imodzi. Akundisambitsa anapitiriza kulankhula, osandiyang'ana kumaso. Anati Mwayi sanafe, ali ku Khonjeni, ndipo ku Khonjeni kabaza amafika. Anati amene angakamupemphe mwanayo ndi ine ndekha, ndi pakamwa panga, ndiye ngati ndikufuna kumangogona ndiwauze amayi ondisamalirawo asiye kudzivutitsa. Mawu amenewa anandipweteka, koma m'mawa mwake ndinavomera kupita ku mafizo.

Ku mafizo tinkapita kamodzi pa sabata. Tinkanyamuka m'mamawa, n'kukakhala pabenchi pamodzi ndi ana opuwala, anthu othyoka miyendo ndi anzanga a sitiroko. Ogwira ntchito anali ochepa, choncho nthawi zina tinkafika masana tisanaitanidwe. Mayi wa mafizo anatiuza mosabisa kuti zimene angachite iye m'kachipinda kake n'zochepa, ntchito yaikulu ili kunyumba. Anationetsa m'mene ndingaimirire kuchoka pampando, m'mene ndingaponderere mwendo wofookawo, ndi m'mene dzanja labwino lingaphunzitsire linzake.

Kunyumba tinagwiritsa ntchito zimene zinalipo. Chimanga chitauma, amake Joji ankandiikira chitsononkho m'dzanja lamanja kuti ndizitong'ola. Poyamba njere imodzi inkanditengera thukuta. Kuyenda ndinaphunzirira m'munda wa tiyi wa kuseri kwa nyumba yanga. Mitengo ya tiyi imalekeza m'chiuno ndipo pamwamba pake ndi posalala ngati tebulo, choncho ndinkalowa pakati pa mizere n'kumagwirira mbali zonse. Ndikagwa ndinkagwera pa masamba. Otchola ankandilonjera akudutsa ndi madengu awo kumsana, ndipo akapitawo ankangoyang'ana kumbali. M'nyengo ya chiperoni ndinkatuluka ndithu, nditavala juzi ziwiri, chifunga chili tolo moti mapeto a mzere osaoneka.

Mawu ankabwerera mwa apo ndi apo. Elube anatsatira malangizo aja: moni, mayina a anthu, mayina a ziwiya, zonse ankayamba waziimba, ine n'kumatsatira, kenako tinkachotsa nyimbo n'kutsala ndi mawu okha. Nthawi zina ndinkafuna kunena supuni n'kunena mpando. Nthawi zina liwu linkabwera m'Chilomwe, la Chichewa n'kutsatira mawa lake. Kuwerenga chamumtima kunabwerera msanga, koma kuwerenga mokweza kunatenga nthawi.

Gulu la Lachinayi linasamukira pakhonde panga kuti ndisamasowe. Ankatsogolera ndi mayi wina wachitsikana, mkazi wa mlonda wa kufakitale, amene kale sankatsegula pakamwa n'komwe pagulu. Ndinkakhala pampando ndikumvetsera. Ndinamva amayi amene ndakhala nawo zaka zambiri akufotokoza ndime m'njira imene ine sindinaiganizepo, kuchokera pa zimene akumana nazo m'mabanja ndi m'minda. Ndinazindikira kuti kale ndinkalankhula kwambiri. Pakhonde pomwepo ndi pamene mkwiyo wanga unayamba kuphwa. Sindinganene tsiku lake. Ndinangoona kuti ndayambanso kupemphera, mapemphero afupiafupi, ena a liwu limodzi.

Mu Julaye anandipempha kuti nditsegule ndi pemphero. Ndinayamba bwino, koma pakati liwu lina linandithawa. Ndinkalidziwa, linali pafupi, koma silinkabwera. Ndinayembekezera kuti wina andithandiza kapena anena ameni kuti andipulumutse ku manyazi. Palibe anatero. Onse anakhala chete, mitu ili pansi, mpaka liwulo linabwera lokha, ndipo ndinamaliza. Pambuyo pake ndinamva kuti amake Joji anawachenjezeratu kuti aliyense wondimalizira mawu aona zakuda.

Sukulu zitatsekera mu Ogasiti, ndinamuuza Elube kuti ndikufuna kupita ku Khonjeni. Mawu oti ndikanene ndinawakonzekera kwa masabata, ndikuwabwereza m'munda wa tiyi ndikuyenda. Tinakwera minibasi mpaka pa Luchenza, kenako njinga zamoto. Woyendetsa anandimangirira kumsana kwake ndi chitenje poopa kuti dzanja langa silingagwire zolimba.

A Samusoni anatilandira bwino. Anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mapeyala, koma ataona ndodo yanga anatulutsa mpando. Mwayi anali kumtsinje ndi anzake. Titamaliza malonje, Elube anafuna kuyamba kufotokoza, koma ndinamugwira bondo kuti asiye.

"Achimwene," ndinatero, pang'onopang'ono, "tsiku lija ndinati eya. Mtima wanga sunati eya. Munachita bwino kumutenga mwana. Ndathokoza. Tsopano ndikuphika ndekha. Ndikuchapa. Ndabwera kudzapempha."

Zinanditengera nthawi yaitali kuti ndimalize mawu ochepawa, ndipo a Samusoni sanandidule. Nditamaliza anati nkhaniyi sangaigamule okha, ayenera kumva kwa alongo awo, komanso kwa mwana mwini wakeyo, poti tsopano wazolowera kuno ndipo wapeza abale ake.

Mwayi atabwera anaima patali, chidebe chili pamutu. Anali atatalika, tsitsi atamumeta. Ndinamuitana dzina lake, ndipo linatuluka lonse bwinobwino. Anatula chidebe, anabwera pang'onopang'ono n'kugwada patsogolo panga monga anamuphunzitsira kumeneko. Kenako anagwira dzanja langa lamanja, analitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa kuti, "Anganga, likupweteka?" Ndinati ayi. Anakhala pamiyendo panga, ndipo sanachokepo mpaka nthawi ya chakudya.

Sitinabwerere naye tsiku limenelo. Akuchikazi anakambirana, ndipo patapita masabata awiri a Samusoni anabwera naye okha, sukulu zitatsala pang'ono kutsegulira. Tinagwirizana kuti nthawi ya sukulu azikhala ndi ine, tchuthi chilichonse azipita ku Khonjeni. Anawonjezera kuti ndikadzadwalanso ndisadzaone ngati akundilanda mwana akadzabwera, ndipo ndinavomera. Pano ndimaona kuti makonzedwe amenewa ndi abwino kuposa akale. Mwayi akudziwa abale a mayi ake, akudziwa manda a mayi ake, ndipo ine sindidzakhalapo mpaka kalekale.

Papita zaka ziwiri tsopano. Ndimayenda ndekha, ndodo ndimatenga pokhapokha ulendo ukakhala wautali kapena kukaterera. Dzanja lamanja limagwira khasu laling'ono ndi chikho, koma singano ndi mabatani zimandivuta, ndipo kulemba ndinaphunzira ndi lamanzere. Ndikatopa mawu amasowabe, makamaka mayina a anthu, ndiye amene amandidziwa amangodikira. Gulu la Lachinayi linabwerera kutchalitchi. Timatsogolera mosinthana ndi mayi wachitsikana uja ndi ena awiri, ndipo ine ndimakonda masabata amene ndimangokhala pabenchi n'kumamvetsera. Mankhwala ndimamwa m'mawa uliwonse, mchere ndinachepetsa kwambiri, ndipo ku kiliniki sindiphonya. Nditachira, amayi onse a gulu lathu anakayezetsa BP, ndipo angapo anapezeka kuti ndi yokwera iwo osadziwa. Mmodzi mwa iwo ndi amake Joji, moti masiku ano ku kiliniki timapitira limodzi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandisunga ngakhale pamene ndinkamukwiyira. Ndikuthokoza madokotala, anesi ndi a mafizo amene anandisamalira pakati pa odwala ambirimbiri. Ndikuthokoza mwana wanga, akuchikazi a ku Khonjeni, ndi amayi amene ankachoka kumunda atatopa n'kubwera kudzachapa zofunda zanga.

Kwa amene mukudwazika munthu wa sitiroko, dziwani kuti ngakhale sakulankhula, nthawi zambiri akumva zonse. Musamakambe za iye ngati palibe. Muzimuuza chimene mukufuna kumuchita, mukamufunsa muzimupatsa nthawi, ndipo musamamuchitire chilichonse chimene angathe kuyesa yekha. Kuchira kwake n'kochedwa, ndipo tsiku ndi tsiku simuona kusintha, koma mukayerekeza mwezi ndi mwezi mumakuona.

Kwa ena nonse, kayezetseni BP ngakhale simukumva kupweteka paliponse, chifukwa matendawa sachenjeza ndi ululu. Abambo makamaka, pabenchi ya kiliniki mumasowa, koma m'wodi mumapezeka. Mukaona pakamwa pa munthu papotoka, mkono kapena mwendo wafooka mwadzidzidzi, mawu akutuluka osamveka, kapena diso lachita mdima, musamugoneke kuti apume, musamumwetse kanthu, musayambe mwafufuza kuti wamulodza ndani. Pezani chokwera. Ndipo zikachitika kwa kanthawi kochepa n'kutha zokha, musanene kuti zapita. Pitani ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale mvula ikugwa, ngakhale tiyi wachuluka m'munda ndipo akapitawo akukudikirani.